Mwala Wosulirapo

Munthu akamayenda m'misika ya ku Chipata, ku Katete kapena m'makomboni a ku Lusaka, sacedwa kumva kulira kwa nyundo kuseri kwa misasa. Kumeneko kumakhala amisiri osula mipeni, nkhwangwa ndi makasu. Ambiri a ife a m'tauni timafika pamenepo, tiyesa mpeni ndi cala, titsutsana pa mtengo, ndi kucoka. Ndi owerengeka amene amaweramitsa maso kuti aone cinthu cimene mmisiriyo alikusulirapo. M'nkhani ino ndifuna kuti tiweramitse maso, pakuti cinthu cimeneco cili ndi mbiri yace, ndipo ndi mbiri yaitali.

Ine sindine wosula iai. Nchito yanga ndi ya ukalaliki ku Boma, ndipo manja anga anazolowera mapepala. Koma ndinabadwira m'mbumba ya osula. Atsibweni anga anali wosula, ndipo iwo anaphunzira kwa atsibweni ao, amene ife ana tinkawachula kuti ambuye. Zambiri zimene ndilemba pano ndinazimva pa cipala, pamene ndinali kuwabvukutira moto atsibweni masiku a chuthi, nditabwera kucokera ku sukulu ya misyoni. Zina ndaziwerenga m'mabuku a alendo amene anapita m'dziko muno ndi kulemba zimene anaona.

Tiyambe ndi ng'anjo, pakuti munthu sangamvetse ulemu wa mwala wosulirapo asanadziwe cimene cinali kuturuka m'ng'anjo. Anthu ambiri amaganiza kuti makolo athu anali kusungunula citsulo mpaka ciyenderere ngati madzi. Sizinali tero. Citsulo ceniceni cimasungunuka pa madigiri 1,538, koma moto wa makala m'ng'anjo ya dothi unali kufika pa madigiri ngati 1,200. Cimene cinali kusungunuka ndi zonyansa za m'miyala, ndipo citsulo cinali kutsala ngati cibuma cobookabooka, conga cisa ca ciswe, cosakanizika ndi makala ndi zonyansa zomwezo. Ndi cibuma cotere munthu sangalime, sangatemenso mtengo. Cinayenera kuochedwanso, kumenyedwa, kupindidwa ndi kumenyedwanso, mpaka zonyansa zifinyike ndipo tizidutswa tonse tigwirane kukhala citsulo cimodzi. Osula akale anali kufanizira ng'anjo ndi mkazi wobala. Ngati ndi tero, ine nditi ng'anjo inali kubala mwana, koma womlera anali mwala.

Tsono mwala umenewu sunali kutoledwa cisawawa. Atsibweni anandiuza kuti wosula anali kuyenda masiku angapo m'mbali mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa mapiri kufunafuna mwala wolimba, wa thupi losalala, wopanda mizere. Mwala wa mizere umasendeka ngati anyezi ukamenyedwa. Akaupeza anali kuugogoda ndi mwala unzace ndi kuchera khutu. Ukati ngwe, ndiye kuti ngwamphumphu. Ukati phu, uli ndi mng'alu m'kati ngakhale maso sauona. Pambuyo pace anali kusonkha moto pamwamba pace ndi kuima patali, cifukwa miyala ina ya kumtsinje imasunga madzi m'kati, ndipo ikatentha imaphulika ndi kulasa anthu. Ukapirira moto, pamenepo mkazi wa wosula anali kufulula mowa, ndipo amuna a m'mudzi anali kupita ndi mitengo ndi luzi kukaunyamula.

Pa cipala anali kuukumbira dzenje ndi kuukwirira, kusiya pamtunda gawo longa cikhato cimodzi kapena ziwiri, ndi kutsindira dothi mozungulira. Ici cinali nzeru yaikuru. Cosulirapo cikakhala copepuka, mphamvu ya nyundo imathera m'kucigwedeza, ndipo citsulo sicimva kanthu. Cikakhala colemera ndi cokhazikika, mphamvu yonse imalowa m'citsulo, ndipo citsuloco cimafinyidwa mbali ziwiri nthawi imodzi, pamwamba ndi nyundo, pansi ndi mwala. Pokwirira mwala, wosula anali kubwereka kulemera kwa nthaka. Cifukwa ca ici osula a kwathu anali kugwira nchito atakhala pansi kapena atanyonyomala, osati ciimire monga acitira Azungu.

Mwala umodzi unali ndi malo angapo, ndipo wosula anali kuwadziwa monga munthu adziwa bwalo la pakhomo pace. Panali posalala, poongolera. Panali m'mphepete mobulungika, motambasulira citsulo kuti citalike. Panalinso kadzenje kamene kanakumbika ndi zaka, kopindira khasu kuti likhale ndi mimba. Nchito zazing'ono monga malumo, mibvi ndi singano anali kuzitsiriza pa kamwala kena, kapena pa kacitsulo kokhomera m'cipika, ndi nyundo yaing'ono ya citsulo.

Tili ndi mboni imene inaona zimenezi ndi maso. M'mwezi wa November 1866 David Livingstone anapita m'dziko la Acewa cakumtunda kwa mtsinje wa Bua, pafupi ndi mapiri a Mchinji, pa ulendo wace wopita ku Luangwa. Nthawi imeneyo malire a Zambia ndi Malawi kunalibe, ndipo anthu amene anawaona ndi amodzimodzi ndi makolo athu a mbali ino. M'buku la maulendo ace analemba kuti kusula kunali kumveka kuyambira mbandakuca mpaka kulowa kwa dzuwa. Nyundo yaikuru inali mwala womangidwa ndi luzi lolimba, losiyidwa ndi zogwirira. Mbaniro zinali makungwa awiri a mtengo, mibvukuto inali zikopa ziwiri za mbuzi, ndipo cosulirapo cinali mwala waukuru wokwiriridwa m'nthaka. Anati osulawo anali kutsiriza makasu angapo pa tsiku, ndipo citsulo cao anaciyamikira. Pamene ndinawerenga mau amenewa koyamba ndinadabwa, cifukwa zinali zomwezo zimene atsibweni anandiuza, iwo amene buku limeneli sanaligwirepo.

Koma luso limeneli ndi lakale koposa Livingstone, ndi lakale koposa ufumu wa Kalonga womwe. David Phillipson, amene anakumba malo akale m'cigawo cino ca kum'mawa ndi kuturutsa buku lace mu 1976, anapeza pa Kamnama, pafupi ndi malire a Malawi, zotsala za mudzi wa anthu amene anali kuyenga citsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ofufuza otere amatola mapale, makala ndi zonyansa za m'ng'anjo, cifukwa nzosabvuta kuzindikira. Mwala uli ndi tsoka. Ukasiyidwa pabwinja umabwerera kukhala mwala wamba, ndipo wopita m'njira amakhalapo ndi kupumula osadziwa kanthu. Komabe cizindikiro cilipo. Citsulo cotentha cikamenyedwa cimagwetsa timamba takuda tonga mamba a usipa, ndipo timeneti timakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Maginito amatikoka. Musunge mau amenewa, tidzawafuna kutsogoloku.

Acewa amati makolo ao anacokera ku Uluwa, dziko la Aluba ku Congo. Kumeneko liu lakuti nyundo lilipo, ndipo limachula citsulo comenyera ndi cosulirapo comwe. Aluba anali kucilemekeza kwambiri cinthu cimeneci, kotero kuti polonga mfumu panali mwambo womenya nyundo, kutanthauza kuti munthu wamba alikusulidwa kuti asanduke mfumu. M'manda akale a ku Upemba m'dziko la Katanga, a zaka ngati 1,000 zapitazo, ofufuza anapeza munthu wolemekezeka ataikidwa ndi cosulirapo ca citsulo pambali pa mutu wace. Kuno kwathu ku Zambia, pa Ingombe Ilede pafupi ndi Zambezi, pamene anthu anali kukumba maziko a thanki ya madzi mu 1960, anapeza manda a anthu olemera obvala mikanda ya golide, ndipo pamodzi ndi cuma cimeneco panali nyundo, mbaniro ndi zipangizo zokokera waya. Anthu amenewo sanaone kuti zida za mmisiri ndi zonyozeka poziika pamodzi ndi golide.

Pakati pa Acewa ulemu wa wosula unali kuoneka pa khasu. Khasu linali kulima, koma linalinso ndalama. Munthu anali kulipa nalo mlandu, kugula nalo mbuzi kapena mcere, ndi kupereka nalo mtulo kwa mfumu. Makasu a Amaravi anali kufika mpaka ku Tete kwa Apwitikizi, ndipo Gamitto, amene anapita m'dziko lino mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za luso la Amaravi pa citsulo. Angoni ataoloka Zambezi mu 1835, ndipo a Mpezeni atadzakhazikika kuno pambuyo pace, midzi yambiri inabalalika, koma kusula sikunafe, pakuti ankhondo amafuna mikondo ndipo akazi ao amafuna makasu.

Cimene cinapha ng'anjo si nkhondo koma sitolo. Angoni atagonjetsedwa mu 1898 ndipo Boma litakhazikika pa Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, kunabwera msonkho wa nyumba. Amuna anayamba kupita ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama, ndipo nchito ya ng'anjo imafuna manja ambiri: otema mitengo, oocha makala, okumba miyala ndi oumba. Nthawi yomweyo m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye munafika makasu a ku Ulaya a mtengo wocepa. Kunabweranso zitsulo zakutha za ngolo ndi za makina, zimene wosula anatha kuzitola popanda kuyenga. Ndani akanabvutika masabata ndi masabata kuti apeze cibuma cimodzi, pamene mkombero wa ngolo uli gone kuseri kwa Boma? Ku Kasungu ng'anjo zinazima ca m'ma 1930, ndipo pamene Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anafuna kuona kayengedwe kace kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, anacita kufunafuna nkhalamba za kwa Chulu ndi za ku Phoka zimene zinaona nchitoyo pa unyamata wao.

Olemba mbiri ambiri amaimira pamenepa, ngati kuti ng'anjo itazima nkhani yatha. Ine ndikana. Kuyenga kunatha, koma kusula kunapitirira, ndipo mwala unagwirabe nchito zaka zambiri pambuyo pace. Ambuye anasulira pa mwala makasu ocokera ku mikombero ya ngolo ndi ku makasu akutha a m'sitolo.

Cosulirapo ca Azungu ndinaciona koyamba ku sukulu ya misyoni, m'nyumba yophunzirira nchito za manja. Cinali cakale, ca ku England, kumene mizinda ya Sheffield ndi Dudley inachuka ndi kupanga zinthu zimenezi. Thupi lace linali la citsulo cofewa, koma pamwamba analumikizapo cipande ca citsulo colimba. Mbali imodzi cinali ndi nyanga yopindirapo zozungulira, mbali ina mabowo awiri, lina la ngondya zinai loikamo zodulira, lina lobulungika lobooleramo. M'nthiti mwace munadindidwa manambala atatu, 1, 1 ndi 10. Ife ana tinayesa kuti ndi 1,110, koma mphunzitsi anatiseka ndi kutifotokozera kawerengedwe ka Angerezi akale. Nambala yoyamba iwerenga miyeso ya mapaundi 112, yaciwiri miyeso ya mapaundi 28, yacitatu mapaundi otsala. Tsono 112 ndi 28 ndi 10 ndiwo mapaundi 150, amene ndi makilogramu 68. Masamu amenewa sindinawaiwale. Koma cinthu cotere cinali ca misyoni, ca migodi ndi ca mafamu a Azungu. Wosula wa kumudzi sakanacigula ngakhale atagulitsa mbuzi zace zonse, ndipo anayenera kudzipangira cace.

Apa ndipo palowa njanji. Tikumbukire kuti kum'mawa kuno kunalibe sitima. Njanji inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, inafika pa Broken Hill, imene tsopano ndi Kabwe, mu 1906, ndipo inapitirira kumpoto ku migodi, kutisiya ife kutali. Ya ku Nyasaland inafika pa Blantyre mu 1908 ndi pa Salima mu 1935, ndipo yocokera ku Mchinji inadzatsegulidwa pa Chipata mu 2010. Cifukwa cace cidutswa ciliconse ca njanji cimene cinapezeka pa cipala ca kumudzi masiku akale cinacita kuyenda ulendo wautali pamodzi ndi munthu wobwera ku nchito. Anzace anali kubwera ndi njinga, galamafoni ndi masuti. Wosula anali kubwera ndi citsulo.

Ambuye anagwirako nchito ku mgodi wa ku Broken Hill, ndipo pobwerera kwao m'zaka za m'ma 1950 anatenga cidutswa cotsala podula njanji, cotalika phazi limodzi ndi theka. Anapempha kapitao kuti awalembere kalata yonena kuti sanabe, ndipo kalatayo anaisunga m'kabokosi ka fodya mpaka imfa yao. Ine monga kalaliki ndimawalemekeza pa ici. Njanji zimawerengedwa ndi kulemera kwa yadi imodzi, ndipo iyi inali ya mapaundi 60, kotero cidutswaco cinali mapaundi 30, ngati makilogramu 14. Anacikweza pa lole mu Great East Road, ndipo kucokera pa mseu kufika kumudzi anacisenza pamutu. Anthu anawaseka kuti munthu wapita ku Kabwe kukabwerako ndi mtolo wosadyeka.

Poyamba anacigoneka pansi monga igonera njanji, ndi kumenya pamsana pace. Cinali kulira kwambiri mpaka makutu kuwawa, ndipo cinali kudumpha. Cifukwa cace ncakuti pansi pa msana wa njanji pali kakhoma kopyapyala, tsono nyundo ikagwa pamakhala citsulo cocepa pansi pace. Atsibweni ndiwo anadzasintha. Anatenga cipika ca muwanga, anacikwirira m'nthaka, anasema mphako, ndi kuimikamo njanjiyo coimirira, kuikhomera ndi mphero za mtengo. Malo osulirapo anatsala ang'ono, osakwana ndi cikhato, koma kulemera konse kunakhala pansi pa nyundo, ndipo phokoso linacepa. Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Atsibweni, malo ocepa cotere akukwanirani bwanji?" Iwo anandionetsa nkhope ya nyundo nati, "A kalaliki, kodi nyundo imagwa pa malo akuru bwanji? Mpeni ndiwo uyenda, cosulirapo siciyenda." Anali kundichula a kalaliki ndisanayambe ndi nchito yomwe, cifukwa ca mafunso anga. Mukaganiza bwino, iwo anangobwereza nzeru ya mwala wokwiriridwa.

Osula ena anapeza njira zao. Wina amakhomera mutu wa nyundo yaikuru yophwanyira miyala m'citsa, wina amaimika ekiselo ya lole m'nthaka, ndipo zonsezi nzabwino. Cimene atsibweni anali kuletsa ndi citsulo cothira m'cikombole, conga ca mapoto akuda a miyendo itatu kapena thupi la injini. Cimeneci cimaoneka colemera ndi cokongola, koma ncophwanyika, ndipo kacidutswa kakathethekapo kamauluka ngati cipolopolo. Ndinadziwa munthu amene anataya diso pa cifukwa cimeneci.

Ndifotokozeko za mpeni, pakuti ndipo pamaoneka ubwino wa cosulirapo. Atsibweni anali kusula mipeni ndi masipuling'i akutha a galimoto. M'mawa wa mwezi wa June, kukazizira, anali kuyamba aocha citsulo cacabe ndi kuciika pa njanji kuti ifunde, cifukwa njanji yozizira imaba moto wa mpeni msanga, ndipo citsulo copyapyala cikamenyedwa citazizira cimang'aluka. Pamenepa mwala unali kuposa njanji, pakuti mwala sukoka moto msanga. Atadula cidutswa ca sipuling'i cikali cofiira, anali kuyamba ndi nsonga, kenaka mcira wolowa m'cigwiriro. Pa mcira ndipo njanji inali kuposa mwala, cifukwa ili ndi ngondya yakuthwa yopangira phewa la mpeni, cimene mwala sungathe osagumuka. Potsiriza anali kupyapyalitsa kukamwa. Citsulo cikamenyedwa mbali imodzi cimatambasuka mbali yomweyo, ndipo mpeni umapindikira kumsana ngati nthoci. Wosadziwa amalimbana nao kuti auongole. Atsibweni anali kuyamba aupindira kukamwa, ndipo pomenya unali kudziongola wokha.

Ataupala ndi tupa, anali kuulowetsa mumthunzi kuti aone bwino mtundu wa moto. Anali kuuocha mpaka ufiire mofanana ponseponse. Mabuku amati pa madigiri ngati 770 citsulo cimaleka kukokedwa ndi maginito, ndipo pamenepo catsala pang'ono kufika poyenera. Iwo anali kudziwa ndi maso okha. Tsono anali kuubviika m'mafuta akutha a galimoto, osati m'madzi, cifukwa citsulo ca sipuling'i cimasweka m'madzi. Ukaturuka m'mafuta mpeni ngwolimba ngati galasi, ndipo ukagwa uthyoka. Anali kuupukuta ndi mwala kuti uwale, ndi kuuyandikiza ku makala cakumsana, kuyang'anira mpaka kukamwa kuoneke ngati udzu wouma. Ukapitirira kufika pa mtundu wa thambo, wafewa kwambiri ndipo sudzasunga kuthwa. Cotsiriza cinali kuocha mcira ndi kuulowetsa m'cigwiriro ca mtengo, utsi uli tolo. Mpeni umodzi wotere ndili nao m'nyumba mwanga, ndipo wapyapyala ndi kunola.

Tsopano ndinene zimene zandicititsa kulemba nkhani ino, ngakhale zili ndi manyazi. Atsibweni atamwalira, mwa mwambo wathu zida zao zinagwera ine, mwana wa mlongo wao. Ndinatenga mpeni ndi kabokosi ka kalata, koma njanji ndinaisiya m'cipika cace, ndi kunena kuti ndidzabwera ndi galimoto. Zaka zinapita. Tsiku lina kunafika m'mudzi anthu ogula zitsulo zakutha ndi sikelo yao, ndipo mnyamata wina wa pa cibale anaizula ndi kuigulitsa pa mtengo wa kilo. Ndalama zace zinatha tsiku lomwelo. Nditamva ndinapita kumudzi ndili ndi ukali, koma amai anga anandikhazika pansi nati, "Iwe, wakuba ndani? Mwanayo wagulitsa cinthu cimene mwini wace anacitaya." Ndinasowa coyankha.

Usiku womwewo ndinawafunsa za mwala wa ambuye. Anati ulipo pabwinja, pamene panali mudzi iwo akali mtsikana, ndipo anaonjeza kuti ndifulumire, cifukwa tsidya la dambo anthu ayamba kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba, ndipo akutola uliwonse umene nyundo ingathe. M'mawa tinapita, iwo patsogolo ndi ndodo yao, ine pambuyo ndi khasu ndi maginito amene ndinacotsa m'wailesi yakufa. Pabwinjapo panamera chire, ndipo cotsala cinali mitengo ya mango ndi miunda ya nyumba zakugwa. Amai anaima pansi pa mkuyu, anayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo, ndi kuloza ndi ndodo. Panali miyala itatu yoonekera pang'ono m'udzu, ndipo kwa ine yonse inali yofanana.

Ndinapalasa dothi pambali pa woyamba ndi kupititsapo maginito, koma panakwera timcenga takuda towerengeka cabe. Waciwiri cimodzimodzi. Pa wacitatu maginito anaturuka atabvala timamba takuda mbali zonse, ngati njuci pa cisa. Nditacotsa udzu ndi ndere ndinaona posalala paja, ndi kadzenje kopindira makasu, ndi m'mphepete mobulungika. Ndinakumba mbali imodzi mpaka mkono wonse kulowa, osafika pansi pace. Amai anagwada ndi kuomba m'manja, ndi kuchula maina a atsibweni ao ndi ena akale amene ine sindinawamvepo. Ine mwana wa misyoni ndinabvula cipewa.

Maganizo anga anali akuti ndiufukule ndi kupita nao ku tauni, kapena kuupereka ku nyumba yosungira zakale. Amai anakana kwa mtu wa galu. Anati, "Unakanika kunyamula kanjanji, lero ufuna kunyamula ici? Mwala uwu anaunyamula anthu ndi mowa, ndipo anauika pano eni ace. Ukauzula udzakhala mwala cabe." Poyamba ndinayesa kuti ndi kuuma mtima kwa ukalamba, koma pobwerera ndinaona kuti ofufuza omwe akanabvomerezana nao, pakuti umboni wa mwalawo uli m'dothi louzungulira. Tinapita kwa amfumu, ndipo iwo anaitana ophwanya miyala ndi kuwauza kuti pa mkuyupo asafikepo. Ndinawafotokozeranso kuti lamulo la 1989 losunga zinthu zakale limateteza zotsala za anthu zimene zinalipo 1924 isanafike. Nditabwerera ku Boma ndinalemba kalata yonena malo, miyeso ndi zimene tinapeza, ndi kusunga kope lace m'kabokosi ka fodya kaja.

Pa sitolo za pa mseu, pafupi ndi kwathu, pali mnyamata amene amasula nkhwangwa ndi mipeni pa ekiselo ya lole. Moto wace amaupemerera ndi mkombero wa njinga wozunguza kacipupiza. Atamva za mwalawo anandipempha kuti akauyese, ndipo amai analola. Tinapita Loweruka ndi thumba la makala ndi khasu lakutha. Anasonkha moto pambali, anaocha khasulo, analiika m'kadzenje kaja ndi kumenya. Mwalawo unayankha ndi liu lakuya, losiyana ndi kulira kwa citsulo, ndipo ana amene anali kuweta mbuzi ku dambo anathamanga kudzaona. Khasu linapindika bwino kamodzi kokha, ndipo mnyamatayo analitembenuzatembenuza modabwa. Anaocha kaciwiri ndi kacitatu kuti akonze kukamwa, kenaka anaimirira atagwira m'ciuno nati, "Adala, akale aja anali ndi msana wotani? Ine pano sindingathe tsiku." Tinazima moto ndi dothi, ndipo khasulo tinawapatsa amai.